Mmene Maiko Amakumbukirira Anthu Amene Anafera Ufulu

Munthu akamwalira pamudzi, abale ake sangomuika m'manda ndi kumuiwala. Pamakhala masiku a maliro, pambuyo pake kumeta, ndipo pakapita chaka kapena zaka ziwiri abale amasonkhananso kudzamanga chiliza ndi kulembapo dzina la malemuyo. Mwana akabadwa m'banjamo, kawirikawiri amatchedwa dzina la womwalirayo kuti lisazimirire. Maiko nawonso ali ndi maliro awo. Pafupifupi dziko lililonse limene linakhalapo pansi pa atsamunda kapena pansi pa ulamuliro wankhanza lili ndi anthu amene anafa pomenyera ufulu, ndipo dziko lotere limachita zomwe banja limachita: limapatula tsiku, limasamala malo, ndiponso limalemba maina. Kupatula tsiku sikuvuta kwenikweni. Kulemba maina ndiko kumene kwasautsa maboma ambiri, pakuti wolemba dzina pachipilala ndiye amene akugamula kuti uyu ndi ngwazi, koma uyo ayi.

Kuno ku Malawi tsiku lopatulidwalo ndi la 3 Malichi. Usiku wolowera tsikuli m'chaka cha 1959, Bwanamkubwa wa Nyasaland, Sir Robert Armitage, analengeza kuti dziko lili pachiopsezo, naletsa chipani cha Nyasaland African Congress. M'bandakucha apolisi ndi asilikali anayamba kugwira atsogoleri a chipanicho m'maboma onse. Dr Hastings Kamuzu Banda, amene anali atabwerera kwawo pa 6 Julayi 1958 kudzatsogolera ntchito yothetsa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anatengedwa kunyumba kwake ku Limbe natumizidwa kundende ya Gwelo ku Southern Rhodesia. Ku Nkhata Bay ogwidwawo anakwezedwa m'sitima yapamadzi yotchedwa Mpasa. Khamu la anthu linathamangira kudoko kukafuna kuti abale awo amasulidwe, ndipo asilikali anaombera khamulo. Mwazi wochuluka wa tsiku limenelo unakhetsedwa pamenepo, m'mbali mwa nyanja.

Chofunika kuona ndi chakuti 3 Malichi silinali tsiku lachipambano. Linali tsiku limene chipani chinaphwasulidwa ndipo anthu oposa chikwi anayamba kulowa m'ndende. Koma imfa za anthu amenewa zinatsegula maso a ambiri ku Britain. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin linadzudzula kalamuliridwe ka atsamunda, Dr Banda anamasulidwa pa 1 Epulo 1960, Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963, ndipo dziko linalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julayi 1964. Motero dziko lili ndi masiku awiri oyenderana. La 6 Julayi ndi lachikondwerero, pamene la 3 Malichi limakumbutsa mtengo umene unalipiridwa.

Maiko ena achita chimodzimodzi, kusandutsa tsiku la misozi kukhala tsiku la fuko. Pa 21 Malichi 1960 anthu a ku Sharpeville, ku South Africa, anasonkhana papolisi kudzatsutsa lamulo lokakamiza munthu wakuda kuyenda ndi chitupa kulikonse. Apolisi anawaombera, ndipo ambiri mwa ophedwawo zipolopolo zinawalowa kumsana chifukwa anali kuthawa. M'chaka cha 1966 bungwe la United Nations linagamula kuti tsikuli likhale lokumbutsa maiko onse za kuipa kwa tsankho la mtundu, ndipo ku South Africa komweko tsopano ndi tsiku la ufulu wachibadwidwe wa anthu. Nelson Mandela anasankha kukasainira malamulo atsopano oyendetsera dzikolo ku Sharpeville komweko pa 10 Disembala 1996. Palinso 16 Juni 1976, pamene ana a sukulu a ku Soweto anayenda m'misewu kukana kuphunzitsidwa m'chiyankhulo cha Afrikaans, apolisi nawaombera. Mmodzi mwa oyamba kufa anali Hector Pieterson, mnyamata wa zaka 12, amene chithunzi chake chojambulidwa ndi Sam Nzima chinafalikira padziko lonse. Tsikuli ndi la achinyamata ku South Africa, ndipo kuyambira mu 1991 maiko a mu Africa amalisunga ngati Tsiku la Mwana wa mu Africa. Ku Mozambique nako tsiku la ngwazi ndi 3 Febuluwale, pamene Eduardo Mondlane, mtsogoleri woyamba wa Frelimo, anaphedwa ndi bomba lobisidwa m'phukusi ku Dar es Salaam m'chaka cha 1969.

Kasungidwe ka masiku otere kamasiyana, ndipo kusiyanako kuli ndi phunziro lake. Omvera amene anakula m'nthawi ya chipani chimodzi akukumbukira mmene tsiku la 3 Malichi linkakhalira. Panalibe kugwira ntchito, kugulitsa malonda, kumwa mowa kapena kuseka mokweza. Wailesi inkaimba nyimbo zachisoni tsiku lonse ndi kuulutsa sewero la John Chilembwe, ndipo wopezeka ali ndi khasu m'munda ankagwa m'mavuto ndi apayoniya kapena achinyamata a chipani. Kunalidi chete m'dziko, koma kunali kovuta kusiyanitsa chete wa ulemu ndi chete wa mantha. Kuchokera mu 1994 chikakamizo chimenechi chinatha. Tsopano mwambo waukulu umachitikira ku Nkhata Bay, kumene kumakhala mapemphero ndi kuika nkhata za maluwa, koma kwa anthu ambiri m'madera ena tsikuli langosanduka lopuma.

Kutali kummawa, m'dziko la Bangladesh, kuli chitsanzo cha mwambo umene anthu amaukonda okha popanda wowakakamiza. Dzikoli poyamba linali chigawo chakummawa cha Pakistan, ndipo boma linagamula kuti chiyankhulo cha fuko chikhale Urdu chokha, ngakhale anthu a m'chigawocho ankayankhula Bengali. Pa 21 Febuluwale 1952 ophunzira a mumzinda wa Dhaka anachita chionetsero, apolisi naombera, ndipo mwa ophedwawo munali Salam, Barkat, Rafiq ndi Jabbar. Chaka ndi chaka, nthawi ikangopitirira pakati pa usiku kulowa pa 21 Febuluwale, atsogoleri a dziko amaika maluwa pachipilala chotchedwa Shaheed Minar, ndipo pambuyo pawo pamabwera chinamtindi cha anthu wamba, akuluakulu ndi ana, osavala nsapato, kufikira kutacha. M'chaka cha 1999 bungwe la UNESCO linavomereza kuti tsikuli likhale la ziyankhulo za makolo padziko lonse.

Mbiri ya chipilala chimenechi ikusonyeza chifukwa chake malo ali ofunika. Choyamba chinamangidwa ndi ophunzira zaudokotala usiku umodzi, patangopita masiku awiri chichitikireni imfazo, ndipo apolisi anachigumula sabata isanathe. Chinamangidwanso chachikulu, nichitsegulidwa mu 1963. Asilikali a Pakistan anachiphwanyanso pankhondo ya 1971, koma dziko litapata ufulu chinaimikidwanso kachitatu. Opondereza amadziwa kuti manda ndi chipilala zimasonkhanitsa anthu, ndipo anthu osonkhana pamanda amakumbutsana mlandu. Ichi ndicho chifukwa chake maboma a atsamunda kawirikawiri ankabisa mitembo ya atsogoleri amene awapha.

Mbusa John Chilembwe anayambitsa kuukira atsamunda pa 23 Januwale 1915, naomberedwa pa 3 Febuluwale chaka chomwecho cha ku Mulanje. Anaikidwa mobisa m'manda opanda chizindikiro, ndipo tchalitchi chake chachikulu cha ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, chinaphulitsidwa. Miyezi ingapo izi zisanachitike, iye anali atalemba kalata kunyuzipepala ya Nyasaland Times yofunsa chifukwa chimene anthu osauka a dziko lino ayenera kufera pankhondo ya azungu, ndi kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Asilikali a King's African Rifles amene anafa pankhondo imeneyo anawamangira nsanja yachikumbutso ku Zomba, pamene iye amene anawadandaulira sanapatsidwe ngakhale mwala umodzi. Komabe mishoni ya Providence Industrial Mission inatsegulidwanso mu 1926 ndi Dr Daniel Malikebu, ndipo kumeneko ndiko kumene anthu amasonkhana pa 15 Januwale, tsiku limene linapatulidwa dziko litabwerera ku ulamuliro wa zipani zambiri. Nkhope ya Chilembwe inayamba kuoneka pandalama zapepala mu 1997. M'chaka cha 2022 chiboliboli chake, chopangidwa ndi Mmalawi Samson Kambalu, chinaimikidwa pabwalo la Trafalgar Square mu London, ndipo chinakhalapo zaka ziwiri. Chinamuonetsa atavala chipewa pafupi ndi mzungu, chinthu chimene munthu wakuda sankaloledwa kuchita m'masiku ake.

Ku Kenya, Dedan Kimathi, mtsogoleri wa ankhondo a Mau Mau, ananyongedwa pa 18 Febuluwale 1957 naikidwa m'manda opanda dzina m'kati mwa ndende ya Kamiti. Ku Congo nkhanza zake zinaposa pamenepa. Patrice Lumumba, nduna yaikulu yoyamba ya dzikolo, ataphedwa pa 17 Januwale 1961, thupi lake linadulidwadulidwa ndi kusungunulidwa m'mankhwala kuti pasatsale kanthu. Wapolisi wina wa ku Belgium anasunga dzino lake limodzi. Dzino limenelo linabwezedwa kwa ana ake mu Juni 2022, ndipo linaikidwa m'bokosi lamaliro, nililandira ulemu wonse wa boma mumzinda wa Kinshasa pa 30 Juni, patapita zaka 61. Mlendo akhoza kudabwa kuona asilikali atanyamula bokosi lokhala ndi dzino lokha, koma aliyense amene mbale wake anamira m'nyanja osapezeka akudziwa kuti maliro opanda mtembo satha msanga.

Nanga anthu amene mitembo yawo inapezeka koma maina awo sadziwika? Yankho limene maiko ambiri amatsata linachokera ku Ulaya itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pa 11 Novembala 1920 mtembo wa msilikali wosadziwika unaikidwa m'tchalitchi cha Westminster Abbey mu London, pakati pa manda a mafumu, ndipo tsiku lomwelo Afalansa anafika ndi wawo ku Arc de Triomphe mu Paris. Cholinga chinali chakuti mayi aliyense amene mwana wake sanabwerere akhoze kuima pamandawo ndi kuganiza kuti kapena wagona apa ndi wake. Mwambo wokhala chete mphindi ziwiri unayambanso nthawi yomweyo, m'chaka cha 1919. Maiko a mu Africa atamasuka anatengera miyambo imeneyi, naipatsa tanthauzo lawolawo. Ku Harare, pamalo otchedwa National Heroes Acre, amene anayamba kumangidwa mu 1981 mothandizidwa ndi amisiri a ku North Korea, pali manda a msilikali wosadziwika, chiboliboli cha ankhondo atatu, amuna awiri ndi mkazi mmodzi, ndiponso moto wosazima pamwamba pa nsanja yotalika mamita 40. Izi zikuimira anthu zikwizikwi amene anafera m'tchire, ndi amene anaphedwa m'misasa ya ku Mozambique monga Nyadzonia mu 1976 ndi Chimoio mu 1977.

Tsono apa ndi pamene pakubwera funso lovuta lija la maina. Choyamba, chiwerengero cha akufa chimadalira amene anawerenga. Bungwe la Devlin linalemba kuti ku Nkhata Bay kunafa anthu 20, ndipo m'dziko lonse 51, koma anthu a ku Nkhata Bay amakumbukira anthu 31 amene anafa padoko paja. Ku Sharpeville chiwerengero cha apolisi chinali 69, ndipo ndicho chakhala chikuphunzitsidwa m'sukulu zaka zonsezi, koma akatswiri a mbiri yakale amene anasanthulanso zolembedwa za nthawiyo anapeza kuti ophedwa anali osachepera 91. Pakati pa ziwerengero ziwiri zotere pali mabanja amene anaika maliro enieni, koma boma silinawawerengere.

Chachiwiri, amene ali m'boma ndiwo amagwira cholembera. Ku Zimbabwe, chigamulo chakuti munthu ndi ngwazi ya fuko chakhala chikuchokera kwa akuluakulu a chipani cholamula cha ZANU-PF. Mbusa Ndabaningi Sithole, amene anali mtsogoleri woyamba wa ZANU ndipo anakhala m'ndende ya Rhodesia zaka khumi, anamanidwa ulemuwu pamene anamwalira m'chaka cha 2000 chifukwa anali atasemphana ndi Robert Mugabe. Anadzavomerezedwa mu 2022, Mugabe atachoka kale. Ku Kenya lamulo la atsamunda loletsa gulu la Mau Mau linakhalabe m'mabuku zaka 40 dziko litalandira kale ufulu, kufikira linachotsedwa mu 2003. Chiboliboli cha Kimathi chinaimikidwa mu Nairobi mu 2007, ndipo malamulo atsopano a 2010 anasintha tsiku la 20 Okutobala, limene linkatchedwa dzina la Jomo Kenyatta yekha, kukhala tsiku la ngwazi zonse, Mashujaa Day. M'chaka cha 2013 boma la Britain linavomera kulipira anthu 5,228 amene anazunzidwa m'misasa ya nthawi ya Mau Mau, ndipo linalipiranso chipilala chimene chinatsegulidwa mu Nairobi mu 2015. Abale a anthu amene anafa ku Nkhata Bay nawonso akhala akupempha chipepeso chotere.

Dziko la South Africa linayesa njira yotakata. Paphiri la Salvokop mu Pretoria linamanga malo otchedwa Freedom Park. Pali bwalo la miyala ikuluikulu yotengedwa m'zigawo zonse zisanu ndi zinayi za dzikolo, pamene mlendo amavula nsapato asanalowe, ndipo pali khoma la maina lotalika mamita 697. Pakhomapo palembedwa anthu amene anafa mu ukapolo, m'nkhondo za atsamunda, m'nkhondo ziwiri za dziko lonse ndi pomenyana ndi tsankho, kuphatikizapo asilikali a ku Cuba amene anafera ku Angola. Koma asilikali a boma latsankho amene anafa pankhondo yomweyo ya ku Angola sanalembedwepo. Abale awo anakwiya, namanga khoma lawolawo mu 2009 paphiri loyandikana nalo, pafupi ndi Voortrekker Monument. Mu Disembala 2011 boma linatsegula msewu wolumikiza mapiri awiriwa. Makoma akadali awiri, koma munthu akhoza kuyenda kuchoka pa lina kupita pa linzake.

Chovuta koposa zonse ndi kukumbukira anthu amene anaphedwa ndi boma la ana a dziko lomwelo, atsamunda atapita kale. Nkosavuta kulira wophedwa ndi mlendo, pakuti pamenepo mtundu wonse uli mbali imodzi. Ku Zimbabwe, pakati pa 1983 ndi 1987, gulu la asilikali lotchedwa Fifth Brigade linapha anthu zikwi zambiri ku Matabeleland ndi ku Midlands pa zimene zimatchedwa Gukurahundi. Anthu amenewa alibe malo ku Heroes Acre, ndipo zikwangwani zimene abale awo anaimika ku Bhalagwe zinaonongedwa kangapo ndi anthu osadziwika. Kuno ku Malawi, mu Meyi 1983, nduna zitatu za boma, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa Nyumba ya Malamulo David Chiwanga, anapezeka atafa ku Thambani m'boma la Mwanza, ndipo mtundu unauzidwa kuti yachitika ngozi ya galimoto. Kwa zaka zoposa khumi maina awo sankatchulidwa poyera. Bungwe lofufuza limene linakhazikitsidwa mu 1994 linapeza kuti anachita kuphedwa ndi apolisi, ngakhale Dr Banda ndi ena amene anazengedwa mlanduwo anapezeka osalakwa m'bwalo la milandu mu Disembala 1995. Pambali pa anayiwa pali ena amene anafera m'ndende, monga Orton Chirwa, mtsogoleri woyamba wa Malawi Congress Party, amene anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992. Iwonso anafera ufulu, pakuti ufulu wa mbendera ndi ufulu wa munthu kuyankhula za kukhosi ndi nthambi za mtengo umodzi.

Zitsanzo zonsezi zikusonyeza kuti mndandanda wa ofera ufulu sulembedwa kamodzi n'kutsekedwa. Chilembwe anadikira zaka pafupifupi 80 kuti apatsidwe tsiku lake, Kimathi zaka 50 kuti aimikiridwe chiboliboli, Lumumba zaka 61 kuti aikidwe m'manda. Nthawi zonse maina amenewa anasungidwa poyamba ndi anthu wamba, m'nyumba, m'matchalitchi ndi m'nyimbo, boma nilidzatsatira pambuyo. Ngakhale pamene kunali koopsa kuwatchula, panali agogo amene ankawanong'oneza kwa zidzukulu zawo.

Akale anati maliro n'kulirana. Mtundu umene umalira ngwazi za chipani chimodzi, chigawo chimodzi kapena fuko limodzi, umasiya ena akulira okha kuseri kwa nyumba, ndipo misozi yolira mobisa imasanduka chidani. Ntchito yotsala ndi yachangu, chifukwa mboni zikutha. Mwana amene anali ndi zaka khumi pamene mfuti zinalira padoko la Nkhata Bay lero wapitirira zaka 75. Kunalinso ena amene anaphedwa m'maboma ena m'milungu yomweyo ya 1959, amene maina awo sali pachipilala chilichonse, koma akudziwika kwa mlongo, kwa mphwake kapena kwa mfumu ya m'mudzi. Aphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi ophunzira akhoza kukhala pansi ndi okalamba amenewa, kufunsa dzina, mudzi, tsiku ndi malo, ndi kuzilemba m'buku okalambawo akali ndi moyo.